MAFUWA ATATU: Maganizo pa Gitala la Charlie Christian

Mnzanga wina amene wakhala akuphunzira gitala kwa zaka zingapo adandiitana tsiku lina madzulo kuti ndikamve m'mene wapitira patsogolo. Adatsegula kope lake, ndipo pansi pa chord iliyonse ya nyimbo adali atalembapo dzina la sikelo yoyenera pamenepo: apa Dorian, apa Mixolydian, apo Lydian. Adayatsa nyimbo yomuperekeza nayamba kuthamangitsa zala, kukwera ndi kutsika khosi la gitala. Noti yolakwika sindidaimve ngakhale imodzi. Koma nditamupempha kuti azimitse chomuperekeza chija aimbe yekha, nyimbo idasowa. Sindidathenso kudziwa ngati tili poyambira, pakati kapena kumapeto. Zotsalazo zidali ngati mwana wa sukulu amene akulakatula alifabeti mwaliwiro ndi mosaphonya, koma osatchula mau aliwonse amene munthu angayankhe.

Nkhani ino yabadwa kuchokera pa madzulo amenewo. Funso lake ndi lakale pakati pa oimba jazi: munthu akamapeka nyimbo pomwepo pamwamba pa machord amene akusinthasintha, agwire chiyani m'mutu ndi m'manja? Masukulu ambiri amayankha kuti agwire sikelo, manoti 7 pa chord iliyonse. Ine ndikuti ayambe wagwira manoti atatu, ndipo mboni yanga ndi Charlie Christian, mnyamata wa ku Oklahoma City amene adamwalira mu 1942 ali ndi zaka 25 zokha.

Tiyambe tamvana pa mau. Oimba athu amati "kodi" ponena manoti angapo olira pamodzi, koma popeza mau amenewa timafunsira, ndilemba chord monga m'Chingerezi kuti tisasokonezane. Ndikati jazi sindikunena mabandi athu a banjo ndi ng'oma zosema amene adabwereka dzinali. Ndikunena nyimbo za anthu akuda a ku America zimene zidakulira ku New Orleans, Kansas City ndi New York. Mwambo wake ndi wotere: bandi imaimba nyimbo yodziwika kamodzi, kenaka woimba mmodzimmodzi amapeka yakeyake pamwamba pa machord a nyimbo yomwe ija, amene amangozungulira osaleka, kawirikawiri mabar 12 kapena 32. Wopekayo saloledwa kuimitsa bandi kuti ayambe waganiza. Chord ikafika yafika, ndipo inzake ili kale m'njira.

Tsono triad ndi chiyani? Aliyense amene adaimbapo kwaya amaidziwa ngakhale sadamve dzina lake. Ndi do, mi, so. Mutenga noti imodzi, mulumpha yotsatira, mutenga yachitatu, mulumphanso, mutenga yachisanu. Mukayambira pa do mupeza triad yowala imene amati major. Mukayambira pa la, ndiye kuti la, do, mi, mupeza yachisoni ija amati minor. Mukayambira pa ti, ndiye kuti ti, re, fa, mupeza ina yopanikizika, yosafuna kukhazikika, imene amati diminished. Manoti atatuwa ali ngati mafuwa: awiri mphika ugwa, atatu ukhala. Machord ataliatali a jazi, a manoti 4, 5 kapena 6, mukawamasula mupeza kuti ndi matriad osanjikizana. Chord ya Cmaj7 ndi do, mi, so, ti. Chotsani do, chimene chatsala ndi mi, so, ti, triad ya E minor. Ndipo do uja woimba besi wamugwira kale pansi, choncho wa gitala alibe chifukwa chomusenzera kawiri.

Charlie Christian adabadwira ku Bonham, m'boma la Texas, mu 1916, nakulira ku Oklahoma City m'banja la oimba. Masiku amenewo gitala m'bandi ya jazi lidali kapolo wa ng'oma, lokhwatcha machord kanayi pa bar iliyonse, chifukwa mau ake sakadapikisana ndi malipenga. Christian adali mmodzi mwa oyamba kugwira gitala lamagetsi, la mtundu wa Gibson ES-150, naliimba noti imodziimodzi ngati sakisofoni. Munthu amene ankamutsanzira kwambiri sadali wa gitala ayi, adali Lester Young, woimba sakisofoni m'bandi ya Count Basie. Mu 1939 mayi woimba piyano, Mary Lou Williams, adauza John Hammond za mnyamatayu, ndipo Hammond adamutengera kwa Benny Goodman ku Los Angeles mu Ogasiti chaka chomwecho. Nkhani imene yakhala ikufotokozedwa imati Goodman, posafuna mlendoyo, adasankha nyimbo yakale ya 1917 yotchedwa "Rose Room" poganiza kuti saidziwa, koma Christian adangoizungulira osabwereza maganizo mpaka nyimbo ya mphindi zitatu idatenga mphindi zoposa 40. Nkhani zotere zimanenepa zikamayenda, choncho tisadalire kwambiri. Chodalirika ndi mbale imene gulu la Goodman la anthu 6 lidajambula pa 2 Okotobala 1939, pamene "Rose Room" yomweyo ilipo, ndipo aliyense atha kudzimvera yekha.

Chinthu choyamba chimene khutu limagwira pa mbale imeneyi ndi chakuti solo ya Christian imayimbika pakamwa. Mukaimva kangapo mutha kuiimba muluzu popita ku kalasi. Chachiwiri ndi chija mnzanga adalephera: mutati muchotse piyano ya Fletcher Henderson ndi besi ya Artie Bernstein, machord mukadawamvabe m'gitala lokhalo. Nyimboyi ili mu kiyi ya A flat, ndipo pali malo amodzi ofunika kutcherapo khutu. Pa bar ya 7 ndi ya 8 chord ndi D flat major, ndipo pa bar ya 9 imasanduka D flat minor. Kwa munthu wa masikelo pamenepa pakufunika kutaya mndandanda wina wa manoti 7 ndi kutola wina. Kwa munthu wa triad chasintha ndi chimodzi: noti yapakati, F, yatsika ndi fureti imodzi, kamzere kamodzi ka pa khosi la gitala. Ziwiri zinazo zili pomwe zidali. Kachala kamodzi kakusuntha, ndipo nyimbo yonse yachita mdima ngati mtambo waphimba dzuwa. Amene amadziwa kuti kusinthako kwagona pa noti imeneyo adzaiika poonekera, ndipo womvera adzazindikira kuti pachitika kanthu.

Anthu amene alemba masolo a Christian pa pepala ndi kuwayesa pa gitala amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti mizere yake imatuluka m'kagwiridwe ka machord. Dzanja lake lamanzere linkakhala pamalo pamene pali triad, pa nsambo zitatu kapena zinayi zoyandikana, ndipo manoti ambiri ankachokera pansi pa zala zomwezo. Chord ikasintha, iye ankapita ku kagwiridwe kena kapafupi. Izi zimayenerana ndi mapangidwe a gitala lenilenilo. Pa piyano triad ya C ndi triad ya E flat zimaoneka mosiyana ndipo zimagwiridwa mosiyana. Pa gitala ndi chithunzi chimodzi chimene mumangochikankhira kutsogolo mafureti atatu. Pa nsambo zitatu zoyandikana triad ya major ili ndi zithunzi zitatu basi, malinga ndi noti imene ili pansi, ndipo ya minor zitatunso. Zimenezi ndi zochepa mokwanira kuti dzanja lizizipeza mumdima, mutu nkutsala ndi mpata woganizira chonena.

Komatu Christian sankangoimba triad ya chord imene yalembedwa. Luso lake lalikulu lidali kubwereka triad ya mnansi. Tiyeni tichoke mu A flat tipite mu C, kiyi yosavuta. Chord ya G7 ndi so, ti, re, fa. M'malo moyambira pa so, iye ankakonda kugwira re, fa, la, imene ndi triad ya D minor, nthawi zambiri nkuwonjezapo ti. La ameneyu mu G7 mulibe. Ndi noti yachisanu ndi chinayi kuwerenga kuchokera pa so, ndipo ndiye amene amapatsa mizere ya Christian kukoma kuja kokhala ngati kuyandama. Dzanja likugwira chinthu chophweka chimene mwana woyamba kumene amachidziwa, koma chifukwa besi ali pa so, khutu likumva chord yolemera ya manoti 5. Apa ndi pamene triad imasiya kukhala phunziro la ana.

Amene ali ndi gitala m'chipinda chake ayese ichi. Njira yofala koposa m'jazi ndi machord atatu awa: Dm7, G7, Cmaj7. Tiwerenge nsambo kuyambira pa yaing'ono. Pa Dm7 gwirani nsambo yachinayi pa fureti 3, yachitatu pa fureti 2, yachiwiri pa fureti 1. Imeneyo ndi triad ya F major: fa, la, do. Pofika pa G7 siyani fa ali pomwepo, bwezani zala ziwiri zinazo fureti imodziimodzi, kuti yachitatu ikhale pa 1 ndipo yachiwiri ilire yosagwira. Mwapeza triad ya diminished, yopanikizika ija. Pofika pa Cmaj7 siyani yachiwiri, bwezani yachinayi ndi yachitatu fureti imodziimodzi. Mwafika pa mi, so, ti. Palibe chala chimene chayenda koposa fureti imodzi, palibe pamene mwagunda muzu wa chord, komabe ulendo wonse wamveka. Wa kwaya azindikira kuti do watsikira pa ti ndipo fa watsikira pa mi, monga momwe mau apakati amachitira nyimbo ya m'tchalitchi ikamatha. Tsono lekani kukhwatcha manotiwo pamodzi, muziwatola imodziimodzi m'dongosolo lililonse limene mufuna, malinga mukumbukire kudutsa pa timilatho timeneti chord ikamasintha. Kupeka kwa pa machord kumayambira pamenepo.

Ndiyenera kuwachitira chilungamo a masikelo, pakuti chiphunzitso chawo sichidagwe kumwamba. George Russell adatulutsa buku lake, The Lydian Chromatic Concept of Tonal Organization, mu 1953, ndipo maganizo ake adathandiza kubala mbale ya Miles Davis ya 1959, Kind of Blue. M'nyimbo ya "So What" chord imodzi imakhala mabar 16, ina mabar 8, yoyamba ija nkubweranso mabar 8. Pabwalo lalikulu chotere munthu amafunadi manoti onse 7, chifukwa palibe kusintha koti akuonetse, ndipo ntchito yake ndi kuyendayenda m'bwalomo. Vuto lidabwera pamene njira imeneyi idalowa m'makalasi, ku Berklee ku Boston ndi m'mabuku ndi mbale zoperekeza za Jamey Aebersold zimene zidayamba kutuluka mu 1967, nkusanduka yankho la nyimbo iliyonse. Sikelo ndi yosavuta kulemba pa bolodi ndiponso yosavuta kufunsa pa mayeso. Koma imapereka manoti 7 ngati onse ndi ofanana ulemu, pamene pa chord iliyonse ena ndi eni nyumba, ena ndi alendo odutsa. Choipa kwambiri nchakuti pa Dm7, G7 ndi Cmaj7 masikelo atatu aja a maina a Chigiriki, Dorian, Mixolydian ndi Ionian, ndi manoti omwewo 7 a kiyi ya C. Wophunzira waloweza maina atatu a chinthu chimodzi, ndipo palibe dzina limene lamuuza kuti fa ayenera kutsikira pa mi. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Ngakhale John Coltrane, amene a masikelo amamutenga ngati wawo, amachitira umboni mbali yathu pamene machord athina. Nyimbo yake ya "Giant Steps", yojambulidwa mu 1959, ili ndi machord 26 m'mabar 16, ndipo imadumpha pakati pa makiyi atatu otalikirana, B, G ndi E flat. Pa liwiro limene adaimbira, machord ambiri sakhala ngakhale theka la sekondi, nthawi ya manoti anayi okha. Coltrane pamenepo amabwerera kawirikawiri ku do, re, mi, so, ndiye kuti triad ndi noti imodzi yowolokera, kapena ku triad yeniyeniyo. Kutsidya la nyanja, Django Reinhardt, amene zala ziwiri za dzanja lake lamanzere zidalumala pa ngozi ya moto mu 1928, adamanga masolo ake ambiri pa manoti a machord otoledwa imodziimodzi ndi zala ziwiri zotsalazo. Anthu atatu osiyana, njira zosiyana, koma nthawi ikachepa kapena zala zikachepa onse amathawira ku mafuwa.

Pano ndiyenera kudzitsutsa ndekha, pakuti wokonda chinthu sachedwa kuchisandutsa fano. Triad payokha si nyimbo. Lipenga la asilikali lodzutsa anthu m'mawa limaimba do, mi, so basi, ndipo palibe amene amalitcha jazi. Wophunzira amene angokwera ndi kutsika matriad pa chord iliyonse adzatopetsa omvera msanga kuposa mnzanga uja. Matenda a bolodi adafikanso kuno: mabuku onga Triad Pairs for Jazz la Gary Campbell, la mu 2001, amaphunzitsa kusinthanitsa matriad awiri pa chord imodzi, njira yabwino ndithu, koma ambiri amaiimba ngati makina osokera. Ndipo Christian mwiniwake si wopanda banga. Mukamvera mbale zake zambiri motsatizana mudzapeza timizere tina tikubwerabwera, chifukwa dzanja limene lazolowera chithunzi limabwerera ku chithunzicho. Solo yake ya "Star Dust" adali ataikonzeratu, ndipo imamveka pafupifupi chimodzimodzi pa zojambula zingapo. Amene amati ankapeka chatsopano nthawi iliyonse akunena zokometsera maliro.

Nanga nchiyani chimamupulumutsa? Ndi zimene amaika pakati pa mafuwa ndi nthawi imene amaziikira. Safika pa noti ya triad molunjika nthawi zonse. Amaizembera kuchokera fureti imodzi pansi, kapena kutsetsereka kuchokera pamwamba kudzera m'manoti amene sali m'kiyi konse, kapena kuikhotetsa ndi kulira kwa blues. Koposa zonse amadziwa kusuntha kamzere. Kamzere kamene kadayambira pa kugunda koyamba kwa bar, ulendo wina kayambira pa kwachiwiri, ulendo wina pakati pa kugunda, mpaka womvera sazindikira kuti ndi komwe kaja. Izi zimamveka bwino pa zimene Jerry Newman, wophunzira wa pa Columbia University, adajambula ndi makina ake onyamula ku Minton's Playhouse ku Harlem mu 1941. Mbale za malonda za masiku amenewo zinkatha pa mphindi zitatu, koma ku Minton's kudalibe womudula. Pa nyimbo imene pambuyo pake idatchedwa "Swing to Bop", Kenny Clarke ali pa ng'oma, Christian amatambasula mizere italiitali yodumpha malire a mabar, ndipo pagawo lapakati pamene machord amayenda, mumamva aliyense akufika ndi kuchoka. Zida zake ndi zomwe zija za pa "Rose Room". Chakula ndi ufulu wa nthawi.

Umboni wotsiriza ndi wa ophunzira ake amene sadamuonepo. Wes Montgomery wa ku Indianapolis, amene ambiri amamuyesa wamkulu wa onse oimba gitala la jazi, sadayambire pa buku la masikelo. Adayamba ndi kuloweza masolo a Christian kuchokera pa mbale, noti ndi noti, ndipo ntchito yake yoyamba m'makalabu idali kuimba masolo omwewo. Mukamvera The Incredible Jazz Guitar of Wes Montgomery ya mu 1960, machord ndi olemera kuposa a 1939 ndipo chala chachikulu chatenga malo a kokhwatchira, koma khalidwe lija lilipobe, lakuti mzere umodzi wokha usenze machord onse pamsana.

Christian adagwidwa ndi chifuwa chachikulu, adagonekedwa ku chipatala cha Seaview pa Staten Island pakati pa chaka cha 1941, namwalira pa 2 Malichi 1942. Zonse zimene tili nazo za iye zidajambulidwa m'nthawi yosakwana zaka ziwiri. Ife a m'gulu la alembi tisamve ngati nkhaniyi ndi ya oimba okha, pakuti tawerengapo pamisonkhano yathu ndakatulo zodzaza ndi mau onse a m'dikishonale, zopanda cholakwa chilichonse, zimene titatuluka panja palibe adakumbukira zinkanena chiyani. Mnzanga uja ndidamusiyira ntchito imodzi. Ndidati atseke kope, atenge nyimbo imodzi ya mabar 32, ayendemo ndi matriad okha pa nsambo zitatu, osalola chala kulumpha koposa mafureti awiri, mpaka tsiku limene ine ndidzalowe m'chipindamo pakati pa solo, popanda chomuperekeza, nkutchula bar imene wafika. Adadandaula kuti ndamubweza ku Sitandade 1. Ndidamuyankha kuti Wes Montgomery adayambira komweko, ndipo ndikudikira kuti andiitane.